Wilu Ikasiya Ena Kunja: Zoyenera Kudziwa pa Chuma cha Masiye

Mwa mafunso amene makatekisiti ndi atsogoleri a Miphakati a ku Njuli, m'boma la Chiradzulu, amabwera nawo kwa ansembe, pali limodzi lomwe limamveka maliro akangotha. Malemu anasiya wilu, koma m'wilumo mulibe dzina la mkazi wawo, la mwana wina, kapena la mbale amene ankawadalira. Kodi nkhani yathera pomwepo? Ena amayankha kuti mawu a munthu wakufa satsutsidwa. Ena amati pepala silingapose magazi, ndipo amayamba kunyamula katundu. Mayankho onse awiriwa ndi olakwika pamaso pa malamulo a dziko lino. Wilu ikhoza kutsutsidwa, koma si aliyense amene angaitsutse n'kupindula, ndipo malo oitsutsira ndi bwalo lamilandu.

Tikanena wilu tikutanthauza chikalata chimene munthu amalemba ali moyo, chofotokoza m'mene chuma chake chidzagawidwire iye akadzamwalira, komanso kutchula munthu amene adzayendetse ntchito yogawayo.

Lamulo lakale ndi latsopano

Kuyambira m'chaka cha 1967 dziko la Malawi linkatsata lamulo lotchedwa Wills and Inheritance Act. Bambo akamwalira osasiya wilu, lamulolo linkagawa chuma chake pakati pa banja lake ndi abale ake olowa chuma mwa mwambo. M'maboma a chikamwini, monga Chiradzulu, mkazi, ana ndi ena odalira malemu ankalandira magawo awiri mwa magawo asanu, pamene magawo atatu ankapita kwa abale a mwamuna. M'maboma a malowolo ankagawa pakati ndi pakati. Akuluakulu ambiri amene amaweruza nkhani pa siwa lero anakulira m'lamulo limeneli, ndipo ena mwa iwo amalankhulabe ngati likugwira ntchito.

M'chaka cha 1998, pa nthawi imene mliri wa Edzi unkasiya amasiye ochuluka, Nyumba ya Malamulo inaonjezera ndime yonena kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Kenaka mu 2011 lamulo lonse lakale linachotsedwa, ndipo m'malo mwake munalowa lamulo lotchedwa Deceased Estates Act, lomwe likukhudza mawilu, kulowa chuma ndi kuteteza amasiye. Muzu wake uli m'malamulo aakulu a dziko a 1994. Ndime 24 ya malamulowo imalamula kuti pakhale malamulo othetsa mchitidwe wolanda amayi katundu, kuphatikizapo wa masiye, ndipo ndime 23 imati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posayang'ana m'mene anabadwira.

Lamulo la 2011 linanena poyera kuti palibe amene angalowe chuma cha malemu pongotsamira mwambo. Magawo atatu aja anatha.

Amene lamulo limawaika patsogolo

Apa ndi pamene pagona mkangano wambiri kwathu kuno. Pa mwambo wa chikamwini, mwamuna ndi mlendo kumudzi kwa mkazi wake, ana ndi a mbumba ya mayi awo, ndipo amene amayembekezera kulowa m'malo mwa mwamunayo ndi abale ake a bere limodzi pamodzi ndi ana a alongo ake. Mwambowu unali ndi nzeru zake pa nthawi imene chuma chinali munda, nkhokwe ndi mbuzi, ndipo malume ankaleradi ana a mlongo wawo. Koma bambo amene wagwira ntchito ku Limbe zaka makumi atatu, n'kumanga nyumba za lendi ndi golosale m'mbali mwa msewu wa Blantyre–Zomba, wapeza chumacho pamodzi ndi mkazi wake, ndipo ana amene ali pa sukulu ndi ake.

Lamulo limaika patsogolo banja lenileni la malemu, kutanthauza mkazi kapena mwamuna wawo, ndi ana awo. Mawu oti mwana akuphatikizapo wobadwa kunja kwa ukwati, wotengedwa mwalamulo kuti akhale mwana wa m'nyumbamo, ngakhalenso amene akadali m'mimba. Pambali pa amenewa pali odalira malemu: kholo limene malemu ankalisamala mpaka imfa yawo, kapena mwana wamng'ono amene ankamulipirira sukulu ndipo sangathe kudziimira payekha. Achimwene, achemwali ndi ana awo, ngati sali m'gulu la odalirali, amalowa chuma pokhapokha malemu atapanda kusiya mkazi kapena mwamuna, mwana, kapena wowadalira aliyense.

Munthu wamkulu amene ali ndi nzeru zake bwinobwino ali ndi ufulu wopatsa chuma chake yense amene wafuna. Ngati akufuna kuti mwana wa mlongo wake alandire kanthu, njira yake ndi kumulemba m'wilu. Ngati sanamulembe, mwanayo alibe podandaulira pa chifukwa chokhacho chakuti malemu anali malume ake.

Njira yoyamba: kusonyeza kuti wiluyo si yovomerezeka

Pali njira ziwiri zosiyana zotsutsira wilu, ndipo anthu ambiri amazisokoneza. Yoyamba ndi kuuza khoti kuti chikalatacho si wilu yeniyeni, choncho chisagwiritsidwe ntchito konse.

Chifukwa chosavuta kuona ndi cha kalembedwe. Wilu iyenera kukhala yolembedwa, ndipo mwini wake asayine kapena kudinda chala pamaso pa mboni zosachepera ziwiri zomwe zili pamalopo nthawi imodzi, kenaka mbonizo zisayinenso. Kalata imene yapezeka m'sutikesi yopanda mboni si wilu, ngakhale dzanja litakhala la malemu ndithu. Mawu amene munthu wamba wanena ali pa mphasa, atazingidwa ndi abale, ndi oyenera ulemu ndipo banja likhoza kugwirizana kuwatsata, koma khoti siliwatenga ngati wilu.

Chifukwa chachiwiri ndi cha nzeru za wolemba. Makhoti a mayiko amene anatengera malamulo a ku England, kuphatikizapo athu, amagwiritsabe ntchito muyeso umene unakhazikitsidwa mu 1870 pa mlandu wa Banks ndi Goodfellow. Wolemba wilu ayenera kudziwa chimene akuchita, kudziwa kukula kwa chuma chake, kukumbukira anthu amene akuyenera kuwaganizira, ndiponso asakhale ndi matenda a maganizo omwe apotoza chiweruzo chake. Ukalamba paokha si chifukwa. Gogo wa zaka 85 amene akudziwa ana ake ndi nyumba zake akhoza kulemba wilu yolimba. Kudwala kwa thupi nakonso si chifukwa. Chimene khoti limafuna kudziwa ndi m'mene mutu wa munthuyo unalili tsiku limene anasayina, ndipo pamenepa umboni wa dokotala ndi wa mboni ziwiri zija umalemera kuposa maganizo a abale amene sanalipo.

Chachitatu ndi kukakamizidwa kapena chinyengo. Kunyengerera kholo kuti likukumbukire si mlandu. Koma kuopseza wodwala kuti ukapanda kusayina sitikusamalanso, kumutsekera kuti ana ena asamuone, kumusayinitsa pepala limene sanaliwerenge, kapena kuba saini yake, zonsezi zimagwetsa wilu. Pa munthu wosadziwa kuwerenga, kapena amene wilu yake inalembedwa m'Chingerezi iye asakuchimva, khoti limafuna kukhutira kuti anamuwerengera ndi kumufotokozera m'chiyankhulo chake. Wonena kuti panali chinyengo ndiye ayenera kubweretsa umboni. Kungoti "bambo athu sakanachita zimenezi" sikukwanira.

Palinso wilu imene yafafanizidwa ndi ina yolembedwa pambuyo pake, komanso imene yatha mphamvu chifukwa mwini wake analowa m'banja atailemba kale.

Asanayambe ulendo umenewu, munthu adzifunse kuti chidzachitike n'chiyani akapambana. Wilu ikagwa, chuma sichipita kwa amene waigwetsa. Ngati panali wilu ina yakale yovomerezeka, imeneyo ndiyo imadzuka. Ngati panalibe, chuma chimagawidwa motsata ndime 17, ngati kuti malemu sanalembe kanthu: khoti limayamba lateteza banja ndi odalira malemu kuti asavutike, wamasiye amasunga ziwiya ndi katundu wa m'nyumba, ndipo chotsala chimagawidwa pakati pa wamasiyeyo, ana ndi makolo a malemu, mwana wamng'ono akuganiziridwa koposa wamkulu. Tiyerekeze kuti bambo anapatsa mchimwene wawo njinga yamoto, n'kusiyira ana china chilichonse. Mchimweneyo akaona kuti zamuchepera n'kugwetsa wilu, ataya ndi njinga yomwe.

Njira yachiwiri: kupempha gawo loyenera

Njira iyi siitsutsa kuti wilu ndi yeniyeni. Wodandaula amavomera kuti malemu analembadi, ali ndi nzeru zawo, koma amauza khoti kuti wiluyo yamusiya wopanda chomusamalira. Ndime 15 ya lamulo la 2011 imapatsa khoti mphamvu yolamula kuti wa m'banja lenileni la malemu apatsidwe gawo loyenera kuchokera pa chumacho, ngakhale wilu itanena zina. Mbali zina za wilu zimakhalabe m'mene zilili, kungoti ena amachepetsedwera kuti wosiyidwayo apeze pogwira.

Mawu oti gawo loyenera asatipusitse. Satanthauza gawo lofanana ndi la ena. Khoti limayang'ana kukula kwa chuma, kusowa kwa wodandaula, msinkhu wake, zimene malemu anamupatsa kale ali moyo, ndi zifukwa zimene zinawachititsa kulemba m'mene analembera. Mayi wamasiye amene watsala ndi ana a ku pulayimale, nyumba itapatsidwa kwa wina, ali ndi nkhani yamphamvu. Chimodzimodzinso mwana wolumala, kapena amene anabadwa wilu italembedwa kale. Mwana wamkulu amene ali pa ntchito yabwino, yemwe makolo anamuphunzitsa mpaka ku koleji, asayembekezere zambiri.

Malamulo a mtundu uwu anayambira ku New Zealand mu 1900 ndipo anafalikira m'mayiko ambiri. Mlandu wina wotchuka wa ku England ukusonyeza malire ake. Mayi Melita Jackson, amene anamwalira mu 2004, anasiyira mabungwe atatu osamala nyama pafupifupi chuma chawo chonse, chokwana mapaundi 486,000, osapatsako kanthu mwana wawo mmodzi yekhayo, Heather Ilott, yemwe anasemphana naye kuyambira ali ndi zaka 17. Mwanayo anali wosauka, ndipo anakasuma. Mu 2017 bwalo lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti alandire mapaundi 50,000 okha, zaka khumi ndi zitatu chimwalirire mayi ake. Chigamulochi sichimanga makhoti a ku Malawi, koma maganizo ake ndi omwewo: khoti limachotsa munthu m'mavuto, sililembanso wilu yonse m'malo mwa malemu.

Katundu amene wilu singamufikire

Nthawi zina mkangano umatha pongozindikira kuti malemu anagawa chinthu chomwe sichinali chawo. Munthu sangapereke m'wilu katundu wa mkazi kapena mwamuna wake. Ngati nyumba inamangidwa ndi thukuta la onse awiri, wamasiye ali ndi ufulu wouza khoti kuti gawo lake lichotsedwe chuma cha masiye chisanawerengedwe, ndipo malisiti, mabuku a banki m'khonde ndi umboni wa amisiri zimathandiza pamenepa. Munda wa mbumba, umene mkamwini ankalima kumudzi kwa mkazi wake, sukhala wake chifukwa choti anaulima zaka zambiri. Ndalama za penshoni nazo zili ndi njira yake: zimatsata mayina amene wantchito analembetsa ku bungwe losunga penshoniyo. Ambiri amalembetsa mayinawa akungoyamba ntchito, asanakwatire, n'kuiwala kuwasintha.

Kumene mungapite

Wilu siyamba kugwira ntchito tsiku la maliro. Munthu amene watchulidwa kuti ayendetse chuma ayenera kuipereka ku khoti kuti liitsimikize ndi kumupatsa chikalata chomuloleza kugawa, chimene maloya amachitcha probate. Kwa anthu a ku Njuli, bwalo lalikulu lapafupi lili ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ndipo lili ndi nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye. Chuma chochepa chimatha kuonedwa ndi khoti la majisitireti. Amene akukayikira wilu akhoza kuika ku khoti chenjezo lotchedwa caveat, lomwe limapangitsa kuti chilolezo chisaperekedwe iye asanamvedwe.

Makolo amati mlandu suola, koma pa chuma cha masiye mwambiwu ungakupweteketseni. Minibasi ikagulitsidwa ndipo ndalama zikadyedwa, chigamulo chabwino chimabwera pa mbale yopanda kanthu. Wodandaula afulumire, ndipo asonkhanitse chikalata cha imfa, mtchatho, zikalata za kubadwa kwa ana, mapepala a chipatala a malemu ndi mndandanda wa katundu yense. Mabuku a ubatizo ndi a maukwati a ku parishi athandiza mabanja ambiri kusonyeza ubale pamene mapepala ena anatayika, ndipo n'chifukwa chake timalimbikira kuti azilembedwa mosamala.

Amene sangakwanitse kulipira loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, lomwe lili ndi ofesi ku Blantyre. Ofesi ya DC ku boma la Chiradzulu ndi ofesi ya Administrator General zimapereka uphungu ndipo zimayendetsa chuma cha masiye cha anthu ambiri. Mu Mpingo tili ndi bungwe la Chilungamo ndi Mtendere la CCJP, lomwe lingakulozereni khomo loyenera. Mafumu ndi ankhoswe angathandize kuyanjanitsa anthu, koma alibe mphamvu yofafaniza wilu kapena kuisintha.

Milandu yotere imadya nthawi ndi ndalama, ndipo siyang'ana nkhope. Ngakhale chuma cha Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anamwalira mu Novembala 1997, chinakhala chikukanganiridwa kwa zaka zambiri. Ngati onse okhudzidwa ndi akuluakulu ndipo agwirizana kuti wosiyidwa apatsidwe kanthu, mgwirizanowo ulembedwe ndi kudziwitsa khoti. Pamene pali ana aang'ono, palibe amene angagulitse ufulu wawo pa msonkhano wa pansi pa mtengo.

Chimene sichiloledwa konse ndi kudzitengera. Ndime 84 imati wotenga, wobisa, wogulitsa kapena woononga chuma cha masiye popanda ufulu wapalamula mlandu umene chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 10, komanso kubweza zimene anatenga. Ndimeyi imagwira ngakhale munthu amene anali ndi dandaulo lomveka. Wamasiye amene akuthamangitsidwa m'nyumba akanene ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit.

Maganizo a Mpingo

Akhristu ena amaopa kuti kukasuma pa chuma cha kholo ndi tchimo. Amakumbukira Luka 12:13-15, pamene Ambuye Yesu anakana kukhala wogawa chuma pakati pa abale awiri, nachenjeza za dyera. Amakumbukiranso 1 Akorinto 6, pamene Paulo Woyera akudzudzula Akhristu otengerana ku makhoti. Machenjezo amenewa ndi oona, ndipo aliyense wofuna kutsutsa wilu adzifunse ngati chikumutuma ndi kusowa kapena nsanje.

Koma Malembo omwewo ali ndi nkhani ya ana aakazi asanu a Zelofehadi pa Numeri 27:1-11. Bambo awo anamwalira opanda mwana wamwamuna, ndipo mwambo unawasiya kunja. Iwo anaima pamaso pa Mose, wansembe Eleazara ndi msonkhano wonse, napereka dandaulo lawo. Chauta anati akunena zoona, ndipo lamulo la Aisraele linasintha chifukwa cha iwo. Pa Deuteronomo 21:15-17 bambo wa akazi awiri akuletsedwa kumana mwana wake woyamba gawo lake pa chifukwa chakuti mayi ake sakuwakonda. Ufulu wa kholo pa chuma chake unali ndi malire kuyambira kale. Malamulo a Mpingo a 1983, pa kanoni 1446, amapempha Akhristu kupewa milandu m'mene angathere, koma amaonjezera kuti chilungamo chisaphwanyidwe. Choncho mayi amene akupempha khoti kuti ana ake asagone panja sakuchimwira malemu.

Nkhani yovuta kwa ife ndi ya mwana wobadwa kunja kwa ukwati, amene nthawi zina amaonekera koyamba pa maliro. Mpingo suvomereza chigololo, ndipo ululu wa mayi amene anasunga malonjezo ake a pa guwa timaumva. Komabe mwanayo sanachimwe, lamulo limamuwerenga, ndipo udindo wa bambo wosamala ana onse amene anabereka sufa ndi iye. Ngati pali chikaiko pa ubale wake, khoti ndilo liyenera kumva umboni. Mphakati usakhale bwalo loweruzira zimenezi.

Nanga wilu imene yapatsa Mpingo chuma n'kusiya ana? Augustino Woyera, Episkopi wa ku Hippo, anakumana ndi nkhani yotere cha m'ma 425. Wansembe wina wa m'nyumba mwake, Januarius, amene anali ndi ana awiri asanalowe unsembe, anamwalira atalemba kuti ndalama zake zipite ku Mpingo, ana onse awiri atawamana. Augustino anakana kulandira, ndipo anafotokozera Akhristu pa ulaliki kuti ndalamazo n'za anawo. Mphatso za ku tchalitchi n'zabwino, ndipo kanoni 1299 imapempha kuti pozilemba m'wilu malamulo a dziko atsatidwe. Koma parishi isalimbane ndi amasiye pa chinthu chimene iwo akuchisowa kuti akhale ndi moyo.

Makatekisiti amapemphedwa kawirikawiri kukhala mboni, chifukwa anthu amawakhulupirira. Avomere pokhapokha ataona ndi maso awo mwini wilu akusayina, mboni inzawo ili pomwepo, ndipo atakhutira kuti munthuyo akudziwa chimene akuchita komanso palibe womuumiriza. Mboni isakhale munthu wolandira kanthu m'wilumo, kapena mkazi kapena mwamuna wa wolandira, chifukwa mphatsoyo ikhoza kutayika. Katekisiti amene parishi yake yatchulidwa m'wilu achita bwino kusiyira wina umboniwo. Kwa amene akulemba, ngati pali mwana amene mwasankha kumupatsa zochepa chifukwa munamugulira kale malo kapena munamuphunzitsa, lembani chifukwacho momveka, pakuti khoti lidzachiwerenga. Wiluyo muisungitse kwa loya, ku banki kapena ku khoti, ndipo amene mwamusankha kuti adzayendetse chuma adziwe kumene ili.